A Fote ndi Mlandu Wanga wa Liwiro

A Fote sanapyolepo fote. Amene munawadziwa mukudziwa kuti sindikuwonjezera. Amene simunawadziwe muli ndi mwayi, chifukwa simunakhalepo kumbuyo kwawo pamsewu muli pa changu. Kagalimoto kawo kanali kobiriwira, kakalekale, ndipo kamuvi kosonyeza liwiro kakafika pa fote kankaima pomwepo ngati kakhomeredwa ndi msomali. Msewu ukhale wopanda kanthu, ukhale wotsetsereka, kumbuyo kukhale mdipiti wa magalimoto akuliza mahutala, iwo manja onse awiri pachiwongolero, chipewa kumutu, fote basi. Dzina lawo lenileni linatsalira pa laisensi. Ngakhale akazi awo ankati “a Fote abwera.”

Anthu ankasimba kuti akazi awowo ankatha kutsika galimoto ikuyenda, kugula tomato ndi anyezi, kunenerera mtengo, kenako n'kukawapeza pamphambano. Zimenezo ine sindinazione. Chimene ndinaona ndi wanjinga atanyamula mathireyi a mazira akuwapitirira pachitunda, n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha mwaulemu. Wapolisi wina wapamsewu, watsopano pantchito, anawaloza ndi makina oyezera liwiro masiku atatu otsatizana, makinawo n'kumangonena fote, fote, fote. Anakawabweza ku ofesi ati awonongeka.

M'mawa, aliyense wochedwa kuntchito chonena chake chinali chimodzi: “Bwana, ndinali kumbuyo kwa a Fote.” Bwanayo sankatsutsa, poti nayenso anali mumzere womwewo.

Moyo wawo wonse anaimitsidwa kamodzi kokha.

“Bambo, mukuchedwetsa anzanu,” anatero wapolisi.

“Akupita kuti?”

“Sindikudziwa.”

“Ndiye mwadziwa bwanji kuti achedwa?”

Wapolisiyo anawabwezera laisensi yawo n'kuwafunira ulendo wabwino.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu ndiye anali pothawira pa madalaivala onse othamanga. Anagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti zaka makumi atatu, akulemba milandu ya pamsewu, ndipo atapuma sanapite kutali. Anangowoloka msewu n'kuika tebulo pakhonde la sitolo ya fotokope, moyang'anizana ndi geti la khoti. Patebulopo pankakhala taipilaita, buku la malamulo a pamsewu lomangidwa ndi mphira, ndi fulasiki ya tiyi. Ukafika ndi samani yako, pepala lija lokuitanira kukhoti, mawu awo oyamba anali omwewo kwa aliyense.

“Ine si loya. Wagunda munthu?”

Ukati eya, ankatseka buku n'kukuperekeza okha kwa loya weniweni, mayi wina wa ofesi ya pamwamba pa sitolo ya mankhwala, kapena kwa maloya a boma othandiza osauka. Ankati nkhani ya magazi si ya pakhonde. Ukati ayi, ndangothamanga chabe, ankakuthirira tiyi n'kukufunsa funso lachiwiri.

“Wavala nsapato zanji?”

Funsoli silinali lamasewera. A Fote ankalembera madalaivala kalata yopita kwa woweruza, yopempha kuti chilango chichepe, ndipo makalata awo ankagwira ntchito. Koma sankagunda taipilaita ngakhale kamodzi usanayende nawo wapansi pamalo pamene unagwidwa, kuyambira pachikwangwani cha liwiro mpaka pamene wapolisi anakuimitsira, kupita ndi kubwera. Ndipo a Fote akakhala wapansi analinso a Fote omwewo.

Ambiri ankayesa kuzemba. Mkulu wina wa suti, wa mimba yake, anati:

“Achikulire, ine nthawi ndilibe. Ndikulipirani kawiri, tingolemba.”

“Mukalipira kawiri tiyenda kawiri.”

Anayenda, jekete paphewa, ndipo pobwerera nsapato zinali kumanja. Abusa ena anafotokoza kuti ankathamangira mapemphero. A Fote anawafunsa kuti kodi Mwini mapempherowo amaweruka nthawi yanji. Abusawo anayenda nawonso, akuimba chamumtima.

Bodza ndilo ankadana nalo kwambiri, osati chifukwa cha tchimo, koma chifukwa mabodza a madalaivala ndi ochepa ndipo onse anawalembapo kale. M'mimba mwandipotokola. Buleki inakana. Mkazi akubereka. Dalaivala wina wa minibasi atabwera ndi la mkazi, a Fote anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Mphwanga, mkazi wakoyo anabereka mu Febuluwale pamaso pa woweruza yemweyu. Anaberekanso mu Juni. Ukamubereketsanso mwezi uno, woweruza afuna akaone ana.”

Tsopano ndinene zanga, poti ndizo zandikhazika pansi kulemba izi.

Ine ndimayendetsa vani ya buledi. Eni masitolo amafuna buledi akadali wotentha, masitolowo ndi khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo phazi langa lakumanja ndi lolemera chibadwire. Kawiri konse ndinalipira chindapusa n'kuiwala. Kachitatu anandigwira pa 84 pamalo pa fifite, pamsewu wotsetsereka uja wopita kuchipatala chachikulu. Ulendo uno wapolisi sanatchule za chindapusa. Anandilembera samani, nati ndikamufotokozere woweruza chifukwa chake laisensi yanga isalandidwe.

Bwana wanga sanachulutse gaga m'diwa. “Ine ndinalemba ntchito laisensi,” anatero. “Iwe unangobwera nayo. Ikapita, mupitire limodzi.”

Kunyumba kuli ana atatu ndi apongozi anga odwala miyendo, ndipo onsewo amadya laisensi yomweyo. Akazi anga sanakalipe. Anangoitenga n'kuiyang'ana nthawi yaitali, monga muja timayang'anira chithunzi cha m'bale wodwala, kenako anati, “Mawa mupite kwa a Fote.”

Sindinkafuna. Zaka zisanu ndinakhala ndikuwaliza hutala mkuluyu, ndipo mawu ena amene ndinawaponyera pawindo sindingawalembe pano. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinapita.

“Ine si loya. Wagunda munthu?”

“Ayi, bambo.”

Anawerenga samani, kenako anandiyang'ana. “Vani yoyera, hutala wosasa mawu?”

“Eya, bambo.”

“Ndimakumva Lachiwiri ndi Lachisanu. Imwa tiyi.”

Ndinasowa pobisa nkhope. Kuti ndichotse manyazi ndinayamba kuteteza mlandu wanga. Ndinati makina aja ndi abodza, komanso chikwangwani cha fifite chinabisika ndi mtengo, munthu sungachione.

“Tikachione,” anatero, akuvala chipewa.

Tinachipeza chili poyera, chachikulu ngati chivundikiro cha mgolo. Mtengo unalipodi, koma kuseri kwake, mapazi khumi kutsogolo.

“Mtengowu wasuntha,” anatero a Fote, osaseka n'komwe. “Tiye.”

Msewu umenewo ndinkaudutsa tsiku lililonse m'mphindi imodzi. Tsiku limenelo unatidyera maola awiri. A Fote sankaphunzitsa kanthu. Ankangoyenda, kuima, kupereka moni, kufunsa za ana, kuyendanso. Ine ndinkapsa mtima mpaka m'makutu, koma maso akasowa chochita amayamba kuona. Ndinaona geti la sukulu ya pulayimale, limene ndinkaliyesa la nyumba ya munthu, litabisala kuseri kwa mpanda wa maluwa. Ndinaona mizere yowolokera anthu itafufutika n'kutsala itatu. Ndinaona kuti mpopi wa madzi uli tsidya lino pomwe nyumba zonse zili tsidya linalo, choncho chidebe chilichonse chimawoloka msewu kawiri. Panali wosoka nsapato wosamva, amene amawoloka ndi kapu yake kukagula tiyi atayang'ana mbali imodzi yokha. Panalinso mayi wogulitsa nthochi, tebulo lake la miyendo itatu, wachinayi njerwa.

“Mwendo winawo unapita kuti, mayi?” ndinafunsa.

“Unakwera lole,” anatero. “Ine ndinali nditangotembenuka kukatenga chenje.”

Titafika pamizere ija, a Fote anandiimika m'mphepete mwa phula, msana utaloza kumene magalimoto akuchokera, nati ndisacheuke. Inadza lole. Shati yanga inafufuma, ndipo fumbi linandilowa m'kolala.

“Ameneyo ali pa sikisite,” anatero. “Iwe unawonjezerapo twente-folo.”

Kenako anandisiya pomwepo n'kuyamba kuwerenga mapazi. Atafika pa makumi atatu ndi asanu anaima nati, “Ukaona munthu uli pa fifite, galimoto imaimira pano.” Anayambanso kuyenda. Anadutsa geti la sukulu, anadutsa wosoka nsapato, anapitirirabe, mpaka anakaima pa tebulo la nthochi, wamng'ono ngati mwana. Kuchokera kumeneko anavula chipewa n'kundikodola nacho. Ndinazindikira ndekha kuti pa 84 vani yanga ikanakaimira pamenepo.

Kalata imene anandilembera inali ya theka la tsamba. Mzere woyamba unati ndikuvomera mlandu. Yotsatira inanena zimene zili pamsewu uja, chimodzichimodzi, monga ndinaziona ndekha. Za mtengo munalibe.

“Bambo, ana anga atatu mwawaika pati?”

“Pamzere womaliza. Woweruza asanamve za ana ako, ayambe wamva kuti waona ana a eni ake.”

Tsiku la mlandu ndinaima m'bokosi, manja kumbuyo, thukuta likutsikira m'malamba. Woweruza anali mayi wa magalasi, wosakonda kuyankhula kawiri. Anawerenga kalata ija mpaka pansi, kenako anaivundikira ndi dzanja.

“Mwayenda?”

“Ndayenda, bwana.”

“Tebulo la mayi wa nthochi lili ndi miyendo ingati?”

“Itatu, bwana. Ndi njerwa.”

Analemba kanthawi. Chindapusa anandipatsa chowawa ndithu, choti ndinachimva miyezi itatu. Koma laisensi anati ndikhale nayo, bola ndisagwidwenso ndi mlandu wa liwiro mkati mwa miyezi khumi ndi iwiri. Ndikagwidwa, ilandidwa zaka ziwiri, osakambirananso.

Nditatuluka ndinathamangira pakhonde paja. “Bambo, woweruza adziwa bwanji za tebulo la nthochi?”

“Nawonso anayenda,” anatero a Fote, akupukuta taipilaita. “Asanakhale woweruza. Anali ndi phazi loposa lakolo.”

Kuyambira pamenepo, ndikamaliza masitolo anga masana, ndinkaima pakhonde paja n'kuwasiyira banzi. Iwo sankati zikomo. Ankati, “Kwatsala miyezi khumi ndi umodzi.” Mawa lake, “Kwatsala miyezi khumi ndi umodzi, kuchotsapo tsiku.” Laisensi yanga ankaiwerengera masiku kuposa mwini wakene. Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkakhalabe kumbuyo kwawo, koma tsopano dzanja likapita pa hutala ndinkalibweza, ndipo iwo ankandiona pagalasi n'kukhudza chipewa. Sindinganame kuti ndinkasangalala. Fote ndi yowawa.

Kutatsala masabata asanu ndi awiri, Lachinayi masana, ndinafika ndi banzi langa n'kupeza mayi wa fotokope ataima pamsewu akundikodola ndi manja onse awiri. A Fote anali atatsamira tebulo, dzanja pachifuwa, nkhope yatuwa, thukuta lili kamukamu. Mayiyo anati waimbira ambulansi koma ili kutali, yapita kukatenga wodwala wina. Tinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo kwa vani, pakati, mayiyo kuchitseko atawagwirira. Chipewa anakana kuchisiya.

Njira ya kuchipatala ndi imodzi, yotsetsereka ija. Titangodutsa chikwangwani cha fifite ndinaponda. Ndinkayesa atseka maso.

“Phazi,” anatero.

“Bambo, mukudwala.”

“Ndikudziwa, mwini wake ndine. Phazi.”

Kamuvi kanali pa sikisite-faifi. Mayi wa fotokope anayamba kulira. “Achimwene, musawamvere, thamangani.”

“Wodwala ndi ine kapena inu?” anatero a Fote. Mawu ankatuluka amodziamodzi. “Kwatsala masabata asanu ndi awiri.”

“Laisensi ipite, bambo. Ndilibe nayo ntchito lero.”

“Mawa ukhala nayo ntchito. Kalata ija ndinataipa ndekha. Usandiwonongere ntchito yanga.”

“Woweruza amvetsa kuti zinali zadzidzidzi.”

“Mwina amvetsa.” Anapuma. “Wosoka nsapato samva.”

Ndinachotsa phazi. Sindinachite chifukwa choti ndinagwirizana nawo. Ndinachita chifukwa dzanja lawo linali pa bondo langa, lozizira, likundikanikiza, ndipo ndinaona kuti kukangana kukuwathera mpweya kuposa msewu. Kamuvi kanatsika mpaka pa fifite.

“Fifite ndakupatsa mokomera,” anatero. “Ndikanakhala ndekha ndikanayenda fote.”

Inali nthawi yoweruka ana. Pamizere itatu ija panali gulu lawo, zikwama kumsana, akudikira.

“Ima.”

Ndinaima. Ana anawoloka mmene ana amawolokera, ena akuthamanga, ena akukankhana, ena akuyenda chammbuyo pocheza ndi anzawo. Sindinawerengepo ana mwaukali ngati tsiku limenelo. Anali makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Mayi wa nthochi anaona chipewa pagalasi n'kukweza dzanja, ndipo a Fote anayesa kukweza lawo koma linangofika pachifuwa. Kumunsi, pansi pa mtengo, apolisi anali pamalo pawo pa masiku onse. Makina anatiloza, anatiperekeza, n'kutisiya.

“Apeza zingati?” anafunsa, maso ali chitsekere.

“Fote-eyiti, bambo.”

“Eya.”

Tinafika. Anamwino anabwera ndi bedi la matayala. Akuwagoneka, anandikoka shati kuti ndiwerame.

“Wandiyendetsa bwino,” anatero. “Koma giya yachitatu umaikakamiza.”

Awo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kwa iwo. Anamwalira Lolemba m'mawa.

Ndinawakwiyira, ndinene poyera. Ndinakwiyira munthu wakufa mlungu wathunthu, ndikuyendetsa buledi misozi ili m'maso. Ndinabwerera kuchipatala kukamusaka dokotala, n'kumufunsa ngati mphindi zisanu zikanasintha kanthu. Anati ayi, mtima unali utatopa kale, ukanaima ngakhale tikanauluka. Masiku ena ndimamukhulupirira. Masiku ena ndimaganiza kuti anangoona nkhope yanga n'kundichitira chifundo.

Amene anandimasula pang'ono ndi akazi awo a Fote. Ndinapita kukawapepesa, ndikuyembekeza kuti andifunsa chifukwa chake sindinathamange. Nditafotokoza zonse, anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kuseka.

“Mwananga, ukanathamanga akanafera m'galimoto momwemo, ndi mkwiyo. Ine ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi zitatu. Tsiku lobadwa mwana wathu woyamba tinayendanso fote.”

“Munafika bwino, mayi?”

“Tinafika. Mwana anabadwira pamalo oimika magalimoto, iwo akubwezabweza galimoto kuti ikhale pakati pa mizere.”

Kagalimoto kobiriwira kaja kali pabwalo pawo, atakafunditsa lona. Ana akuti sakagulitsa, ndipo ndi bwino, chifukwa kakanadabwa m'manja mwa munthu wina. Tebulo lija mayi wa fotokope analilowetsa m'kati, pano pamakhala mapepala. Madalaivala amabwerabe ndi masamani awo, amayang'anayang'ana pakhonde, mayiyo n'kuwalozera kwa loya wa pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Loyayo ndi wabwino, ntchito amaidziwa, ndipo ambiri amawapulumutsa. Koma safunsa munthu za nsapato.

M'mawa msewu umayenda tsopano. Anthu amafika msanga kuntchito, ndipo wochedwa amangoima pamaso pa bwana wake kukamwa kuli yasa, alibe womunamizira. Tinkayesa kuti akadzachoka mumsewu tidzapuma. Tapumadi, koma palibe amene akuoneka wokondwa nazo.

Miyezi khumi ndi iwiri ija inakwana Lachiwiri lina. Ndinadzuka ndikudziwa, ndinagawa buledi ndikudziwa, ndipo masana ndinangozindikira ndaima pakhonde paja, banzi kumanja. Panalibe wondiuza kuti kwatsala ziro. Ndinakhala pa sitepe n'kudya banzilo ndekha, laisensi ili m'thumba la shati.

Dzulo, pamsewu wotsetsereka uja, minibasi ina inandikhalira kumbuyo ikuliza hutala kuyambira pachikwangwani mpaka pa geti la sukulu. Itapeza mpata inandipitirira, dalaivala n'kutulutsa mutu pawindo.

“Iwe, kodi ndiwe Fote?”

Dzinalo ndi lalikulu, silindikwana. Ndinayang'ana kamuvi, kali pa fifite. Mwini dzina akanati ndikuthamanga.